Mawu a M'mawa: Mchere wa M'nyemba

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tikhale pa 1 Akorinto 4:3-4, pamene Paulo akunena kuti kuweruzidwa ndi anthu kwa iye n'kanthu kakang'ono, womuweruza ndi Ambuye. Ndime yake mukuidziwa. Inenso ndinailoweza kalekale, koma sabata ino ndaona kuti kuloweza n'kwina, kukhulupirira n'kwinanso.

Ndiyambe ndi pempho, kuopa kuti ena simufika kumapeto: musaphule mphika pamoto chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi.

Loweruka lapitali tinali ndi chiyanjano cha Amalawi kuno kumpoto kwa England, ndipo ine anandipatsa zophika nyemba. Ndinazinyika Lachisanu usiku nditangochokera ku ntchito, miyendo itatupa, m'mawa n'kulawira nazo pamoto. Anthu anadya, mbale zinabwerako zoyera, ena anapempha zoonjezera. Tikutsuka mapoto ndinamva mayi wina kuseri kwa chitseko akuti, "Nyemba zija anaphika ndani? Mchere wake ngati wagweramo ndi thumba lomwe." Anzawo anaseka. Basi. Onse amene anandithokoza aja ndinawaiwala pomwepo. Lamulungu ndinakhala m'tchalitchi, pakamwa pakuyimba koma mtima uli m'poto wa nyemba. Ndinafika polemba uthenga kwa amayi otsogolera wakuti pa zophika asadzandiwerengerenso. Sindinautumize, koma sindinaufufutenso.

Lolemba masana, kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, tinawaikira agogo athu filimu pabalaza. Inali Four Weddings and a Funeral ya mu 1994, nkhani ya gulu la abwenzi amene amangokumana m'maukwati a anzawo, maukwati anayi ndi maliro amodzi. Hugh Grant akusewera ngati Charles, mnyamata wachibwibwi pa nkhani za chikondi, wochedwa paliponse, amene wakopeka ndi mkazi wa ku America dzina lake Carrie. Sindikuti mukaifunefune ayi. Imayamba ndi kutukwana, ndipo mathero ake, awiriwa akugwirizana zokhala limodzi osamanga ukwati, si zimene ndingaphunzitse mwana wanga. Chimene chinandigwira ine si filimuyo, koma pakamwa pa oonera.

Isanapite patali, gogo wina wamkazi anapempha kuti ndimukankhire kuchipinda, akuti sanakalambire kumva mawu otere. Gogo wamwamuna wa pawindo ankaseka mpaka kutsokomola, makamaka pamene Rowan Atkinson, uja timamudziwa kuti Mr Bean, akudalitsa ukwati wake woyamba monga wansembe watsopano, akunjenjemera, akusokoneza mayina a akwati, mpaka m'malo mwa Mzimu Woyera n'kutchula mbuzi yoyera, poti m'Chingerezi mawu awiriwa amamveka mofananako. Gogo wina amene ankayimba limba kutchalitchi kwawo sanaseke n'komwe, anangoti zopatulika siziseweretsedwa. Pofika pamaliro a Gareth, mmodzi wa abwenzi aja, pamene wosewera John Hannah akulakatula ndakatulo ya mlakatuli W. H. Auden, gogo woseka uja ndiye anayamba kulira, poti akazi awo anawaika m'manda chaka chatha. Ndiye kumapeto, pamene Andie MacDowell, amene akusewera ngati Carrie, waima pamvula atanyowa chinyowere n'kunena kuti sanazindikire kuti ikugwabe, mnzanga wa ntchito anaomba m'manja monyoza, akuti mawu amenewo ndi amene anaononga filimu yonse. Si iye yekha, anthu kuno akhala akuseka mawu amenewo kwa zaka 30.

Ndinaima pakhomo ndi thireyi ya tiyi n'kudziuza kuti: mphika ndi umodzi womwewu. Wina akuti mchere wakolera, wina akuti wawawa, wina akuti sukumveka, wina wakana n'kulawa komwe. Wophika akanakhala pabalaza pamenepa, akanamvera uti?

Ndipo ophika ake sanaphike mwaufulu. Filimuyi anaijambula masiku 36 okha, ndi ndalama zosakwana mapaundi 3 miliyoni, zomwe pa ntchito yotere n'zochepa. Richard Curtis, amene analemba nkhaniyo, poyamba sankafuna n'komwe kuti Hugh Grant atengedwe. Koma itatuluka inabweretsa madola oposa 240 miliyoni padziko lonse, kuposa filimu iliyonse ya ku Britain mpaka nthawi imeneyo, ndipo inapikisana nawo pa mphoto ya Oscar ya filimu yopambana, ngakhale inagonja kwa filimu ya Forrest Gump. Nanga nyimbo yake, yoyimbidwa ndi gulu la Wet Wet Wet? Inakhala pa nambala 1 ku Britain masabata 15 otsatizana, mpaka anthu omwe ankaikonda aja inawakola, ndipo oyimba ake anachita kupempha okha kuti ileke kugulitsidwa. Taonani pakamwa pa munthu. Lero akuti onjezerani, mawa akuti mwatikwana.

Mlongo wanga, iwe amene wasiya kwaya chifukwa wina anati umakweza mawu kwambiri, bwezera mphika pamoto. Achimwene, inu amene simulalikiranso kumlaga chifukwa munamva kuti mumatalikitsa, nkhuni zikadalipo. Timaphikira anthu, inde, koma amene anatituma kukhitchini si iwo. Mwini phwando alipo, ndipo ndi Iye amene anaona nyemba zikunyikidwa pakati pa usiku, miyendo itatupa. Wolawa amangoona supuni imodzi.

Tsono apa ndidzidzudzule ndekha, chifukwa nkhani sinathere pamenepo. Lolemba lomwelo nditafika kunyumba ndinatulutsa nyemba zotsala m'firiji, n'kutenthetsa, n'kulawa modekha, popanda mkwiyo. Abale anga, mchere unapitiriradi pang'ono. Osati thumba lonse monga ananenera mayi aja, koma unapitirira. Ndinaseka ndekha kukhitchini. Masiku awiri ndakhala ndikupempherera "adani anga", pomwe chofunika chinali kuchepetsa dzanja pothira. Muwerengenso bwino Paulo pa ndime ija: akuti sadziwa kanthu komutsutsa, komabe zimenezo sizimuyesa wolungama. Sakunena kuti ndiwo zake sizilakwika. Akungokana kuti wolawa akhale pampando wa woweruza, ndipo akukananso kudzikhazika yekha pampandopo. Ine ndinachita zonse ziwiri. Ndinawapatsa mayi aja mpando umene sanaupemphe, kenako ndinakhalapo ndekha n'kudzigamula kuti sindidzaphikanso. Mawu awo anali a mchere basi. Ndine amene ndinawasandutsa chigamulo cha moyo wanga wonse.

Komanso tisaiwale kuti ifeyo sitikhala ophika tsiku lililonse. Masiku ambiri ndife olawa, ndipo lilime lathu ndi lakuthwa. Ndi kangati taima kuseri kwa chitseko tikuseka ulaliki wa abusa, diresi la mkwatibwi, pemphero la mwana wa Sande sukulu, osadziwa kuti mwini wake ali pasinki akutsuka mapoto? Ine ndemwe ndinasekapo wansembe wa m'filimu uja, koma nditaganiza bwino, munthu wonjenjemera amene waima koyamba pamaso pa gulu ndimamudziwa, anali ine tsiku loyamba kuwerenga mawu patsogolo. Akolose 4:6 imati mawu athu akhale okoleretsa. Okoleretsa, osati owawa. Ngati mchere wa mnzako wapitirira, umuitanire pambali, umuuze ali yekha, uyambe n'kuthokoza kuti anadzuka m'mamawa. Mayi aja akanandiuza choncho, bwenzi Lamulungu nditamva ulaliki.

Choncho m'mawa uno, musanatsegule foni kuti muone amene wayamikira ndi amene wangodutsa, kumbukirani amene anakupatsani mphikawo. Wina adzatuluka phwando lisanafike pakati, wina adzaseka, wina adzalira pamalo pamene simunayembekezere, ngati gogo wa pawindo uja. Inu sonkhezerani moto. Pamene akunena zoona, chepetsani dzanja. Pamene akungolankhula, vundikirani mphika wanu upse.

Ambuye, Inu amene mumaona zophikidwa usiku, tichotsereni mantha a pakamwa pa anthu, ndipo mutipatse mtima wolawa zathu zomwe moona. Lilime lathu likhale lokoleretsa pa ntchito za anzathu. M'dzina la Yesu, ameni.

Uthenga uja ndaufufuta. Mwezi wamawa andilembanso pa nyemba, ndipo mayi aja ali pa mpunga, tikaphikira khitchini imodzi. Mundipempherere, ndikuthamangira basi ya 6 koloko.