Makalata a omvera: Pocahontas, tiyi wa ku London ndi sitima yobwerera

Takulandiraninso, omvera athu. Makalata atatu a lero onse akukamba za gawo lachiwiri la katuni ya Pocahontas, lomwe a Disney anatulutsa mu 1998, patapita zaka zitatu chitulukireni loyamba lija. Tiyambe ndi ya mayi awa.

"Zikomo aulutsi. Mwana wanga wandifunsa funso, ine kukamwa yasa. Gawo loyamba likutha bwanamkubwa Ratcliffe atamangidwa ndi anthu ake omwe, akumukweza m'sitima kuti akayankhe mlandu ku England. Nanga bwanji lachiwiri likuyamba ali mfulu, mfumu ikumumvera? Kapena pali pamene tinadumpha?"

Simunadumphe paliponse, mayi. Filimuyo imangotiuza kuti mkuluyu anakanamiza mfumu James, mlandu n'kuukankhira kwa John Smith, Mngerezi amene ankakondana ndi Pocahontas m'gawo loyamba. Koma mwana wanuyo ali ndi maso. Amuna onse aja anaona mfuti ya Ratcliffe ikulira, Smith n'kugwa, ndiye osapezeka ndi mmodzi yemwe wokachitira umboni? Olemba nkhaniyo anasowa mdani watsopano, n'kungomasula wakale. Ndipotu Ratcliffe weniweni anafera ku Virginia, kwawo kwa Pocahontas ku America, mu 1609, kutatsala zaka 7 kuti Pocahontas aponde ku England.

Yachiwiri yachokera kwa aphunzitsi ena, ndipo cholembera chawo chikuoneka kuti anachita kuchisindikiza ndi mkwiyo.

"Ndimaphunzitsa mbiri yakale. Mayi wosamalira nyumba ya John Rolfe mufilimuyi, kukangochitika kanthu, amathamangira kukatereka tiyi. Shakespeare nayenso akuoneka mumsewu wa London tsiku limene Pocahontas akufika. Kodi uku si kusokoneza ana?"

Aphunzitsi, mwalondola ponse pawiri. Tiyi anayamba kugulitsidwa ku London cha m'ma 1650, moti Samuel Pepys, mkulu uja ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, anamulawa koyamba mu 1660. Shakespeare anamwalira mu April 1616, pamene Pocahontas anafika mu June chaka chomwecho. Komabe ine izi sizindisowetsa tulo. Ndi nthabwala zoti akuluakulu nawonso asekeko. Ndiwayamikirenso pang'ono: bambo wamtali uja woyenda ndi kamtengo analikodi. Dzina lake Uttamatomakkin, ndipo mfumu Powhatan, bambo ake a Pocahontas, inamutuma kuti akawerenge Angerezi pojeba kamtengoko. Anangokasiyira panjira, anthu atamuchulukira.

Kalata yomaliza ndi ya agogo ena, ndipo iyi ndiye yandikhalitsa pansi.

"Mdzukulu wanga wamkazi waonera filimuyi kambirimbiri. Pomaliza Pocahontas ndi John Rolfe akwera sitima, dzuwa likulowa, akubwerera kwawo kwa mtsikanayo. Mdzukuluyo amandifunsa kuti, agogo, atafika anakhala bwanji? Ndimuyankhe chiyani?"

Agogo, pepani, sanafike. Ndifotokoze bwinobwino, chifukwa apa filimuyo inabisa zambiri kuposa za tiyi zija.

Imationetsa mtsikana wosakwatiwa, wonyamuka mwa kufuna kwake kukalankhulira anthu a kwawo kwa mfumu. Zoona zake n'zakuti mu 1613 kaputeni wachingerezi, Samuel Argall, anamugwira n'kumusunga ngati chikole, kuti bambo ake abweze akaidi ndi zida za Angerezi. Ali m'manja mwawo anabatizidwa n'kupatsidwa dzina loti Rebecca. Mu April 1614 anakwatiwa ndi Rolfe, ndipo mu 1615 anabereka mwana wamwamuna, Thomas. Choncho pokwera sitima yopita ku England anali kale mayi wapabanja, mwana ali m'manja. Amene anakonza ulendowo ndi a Virginia Company, ndipo cholinga chawo chinali malonda: kuonetsa anthu achuma a ku London kuti dziko latsopanolo n'loyenera kuikako ndalama.

Kunyumba yachifumu anafikakodi, mu January 1617. Smith anakumananso naye, ndipo n'zoona kuti Pocahontas anali atauzidwa kuti Smith anamwalira. Koma mu March chaka chomwecho, sitima yobwerera itangoyenda pang'ono mumtsinje wa Thames, iye anadwala kwambiri. Anamutsitsira ku Gravesend, n'kumwalira komweko ali ndi zaka pafupifupi 21. Anaikidwa pa 21 March kutchalitchi cha St George. Woyendetsa sitimayo anali Argall yemwe uja.

Mdzukuluyo mukumudziwa ndinu, agogo, ndipo ndinu mungaone kuti mutu wake unganyamule zingati. Akanakhala mdzukulu wanga, ndikanayamba ndi kumuuza kuti Pocahontas anali munthu weniweni, anali ndi mwana, ndipo manda ake ali ku England. Akafunsa za mwanayo, muuzeni kuti Thomas anatsala ku England chifukwa nayenso ankadwala, anakulira kwa achibale, ndipo anabwerera ku Virginia ali wamkulu, bambo ake atamwalira kale.