Ntchito ya akapolo m'minda ya nzimbe ku Jamaica

Moni nonse. Amene munasungapo nzimbe yodula mukudziwa kuti sichedwa kusasa. Kusasa kumeneku n'kumene kunkalamulira moyo wa akapolo pachilumba cha Jamaica, ku Caribbean, m'zaka za m'ma 1700.

Kusanache, chigoba cha nkhono chinkalira ngati lipenga, aliyense n'kunyamula khasu. Gulu la amphamvu linkakumba maenje odzalamo nzimbe, onse pamzere umodzi, kapitawo ali kumbuyo ndi chikoti. Wotsalira ankaonekera pomwepo. Ambiri m'gululi anali amayi, chifukwa ukalipentala ndi ntchito zina zaluso ankapatsa amuna. Gulu lachiwiri linkapalira, ndipo ana a zaka 5 kapena 6 ankazula udzu wa ziweto.

Koma nyengo yowawitsa inali yokolola, kuyambira Januwale mpaka cha m'ma Juni. Nzimbe ikadulidwa, inkayenera kufinyidwa pasanathe tsiku limodzi kapena awiri, choncho chigayo sichinkagona. Munthu wadula nzimbe ndi chikwanje tsiku lonse, usiku akuilowetsa pakati pa zitsulo zozungulira, tulo tili m'maso. Akangosinza, dzanja lalowa. Pambali ankaikiratu nkhwangwa yodulira mkono kuti chigayo chisamukoke yense. Tangoganizani, eni munda ankadziwa bwino kuti izi zichitika, koma anasankha nkhwangwa m'malo momulola munthu kugona.

Madzi a nzimbe ankapita kunyumba yowiritsira, n'kumasunthidwa m'miphika yamkuwa, kuchoka mu waukulu kupita mu waung'ono. Wodziwa kuti shuga wapsa anali kapolo yemweyo, poona ndi maso komanso kutamula madziwo ndi zala. Chuma chonse cha mwini munda chinkadalira luso la munthu amene sankalipidwa kalikonse.

Nanga chakudya? Ankalima okha zilazi ndi nthochi m'timinda ta kumapiri, makamaka Lamlungu, zotsala n'kukagulitsa kumsika. Omwalira ankachuluka kuposa obadwa, ndipo mpaka 1807 eni minda ankangogula ena ochokera ku Africa.

Akapolowo ankadziwanso kuti nzimbe sidikira. Pa Khirisimasi ya 1831, kukolola kutayandikira, kapolo wina dzina lake Samuel Sharpe analimbikitsa anzake kunyanyala ntchito mpaka atayamba kulipidwa. Zinasanduka nkhondo, ndipo iye anamunyonga m'tauni ya Montego Bay, ku Jamaica komweko, pa 23 Meyi 1832.