Daniel Kachamba: katswiri wathu, kapena wongotengera za ku Joni?

(Kamera ili pa msika waukulu wa Lilongwe. Ma minibasi akulira chapatali.)

Moni nonse amene mukutionera. Ndaima pano chifukwa nkhani ya lero inayambira pa benchi ili kumbuyo kwangayi, pomwe mnyamata wina amaikira anthu nyimbo m'mafoni.

Loweruka lapitali panafika bambo ena achikulire, chipewa chili m'manja, kudzafunsa nyimbo za Daniel Kachamba, woimba gitala wakale wa kuno kwathu. Mnyamata uja anafufuza m'kompyuta yake, kukwera, kutsika, osapeza ngakhale imodzi. Kenako anati, "Madala, Kachamba wakeyo si uja ankangokopera za ku Joni?" Bambo aja anavala chipewa chawo mwakachetechete, n'kumufunsa kuti, "Mwana wanga, unayamba wamvapo gitala ikuyankhula?" Anthu anaunjikana, mpaka wogulitsa chinangwa anasiya beseni lake kudzamvetsera.

Ine ndili mbali ya madala aja, ndinene poyera. Koma mnyamatayo sananame zonse, ndiye tiyambe ndi pomwe akunena zoona.

(Chithunzi chakale cha anyamata awiri, wina ndi gitala, wina ndi chitoliro.)

Daniel anabadwa mu 1947 ku Limbe, ndipo kwawo ndi m'mudzi wa Singano ku Chileka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 banja lawo linkakhala ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Nthawi imeneyo nyimbo zomwe zinkavuta m'makomboni zinali kwela, zochokera m'misewu ya Johannesburg, kumene anyamata ankaliza zitoliro zachitsulo zotchipa. Dzina lalikulu linali Spokes Mashiyane. Amalawi opita ku migodi kudzera ku Wenela ankabwera ndi mbale za galamafoni m'masutikesi, pamodzi ndi mabulangete ndi njinga. Daniel ndi mng'ono wake Donald anakulira m'phokoso limenelo. Kwela, simanjemanje ya ku Joni komweko, lumba yochokera ku Congo, zonsezi anazimva kwa ena. Apa palibe chotsutsa.

Funso ndi lakuti, atazimva anachita nazo chiyani?

Tamvetserani kaye dzanja lake lamanja.

(Nyimbo ilire masekondi 20, popanda mawu a wofotokoza.)

Mwamva ngati anthu awiri, eti? Ndi munthu mmodzi ameneyo. Chala chachikulu chikuyendetsa besi kunsi, chamkombaphala chikuimba nyimbo pamwamba, ndipo mawu ake akulowa pakati, nthawi zina kutsogola, nthawi zina kutsalira dala. Gitala yake ankaichotsa nsambo imodzi, n'kutsala ndi zisanu, n'kuichuna mwa njira yakeyake. Aliyense amene anagwirapo gitala ayese kutsatira zimenezi madzulo ano. Ine ndinayesa kwa mwezi wathunthu ndili ku sekondale, chala chachikulu chinkangothamangira kutsatira chinzake. Kuti zala ziwiri za dzanja limodzi ziziyenda njira ziwiri ngati ng'oma za gule, imodzi kufunsa ina kuyankha, zimenezo sunazitenge pa mbale ya galamafoni. Mbale imakupatsa phokoso basi. Zala umadzipezera wekha.

Ndiye pali mfundo ina imene anthu ambiri saidziwa. Pofika m'ma 1960, ku South Africa komweko kwela inali itayamba kuzilala. Makampani ojambula nyimbo anali atatembenukira ku saksofoni ndi magitala amagetsi, ku nyimbo zotchedwa mbaqanga. Eni ake anaisiya. Koma mu 1967, katswiri wofufuza nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana ndi anyamatawa akuimba mumsewu ku Blantyre, Daniel ali ndi zaka 20, Donald akadali kamnyamata, chitoliro atachilowetsa m'kamwa chammbali kuti chizilira mokhuthala. Kumbuyo kwawo kunali besi ya nsambo imodzi yomangirira pa bokosi. Nyimbo imene kwawo inkafa inali moyo ku Chileka, ikuyankhula Chichewa, ikunena za mabodza a anthu, za chikondi, za imfa, za zochitika pamudzi. Mwana wolera ukamulera mpaka kukula, n'kuyankhula chiyankhulo chako, ndani angabwere kudzati si wako?

Mu 1972 Daniel anafika ku Ulaya ndi gitala yake. Mu 1974 Kubik anatulutsa buku lonse lonena za gulu la abale awiriwa. Kuno kwathu anthu ankangomutchula kuti Dokotala Kachamba. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Donald anapitiriza, mpaka mu 1999 anakaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles kuimba kwela ya ku Chileka, asanamwalire mu 2001.

(Kamera ibwerere pa benchi ya mnyamata uja.)

Chimene chinandikhudza pa mkangano uja n'chakuti nthawi yonseyi sipika ya mnyamatayo inkaliza amapiano, oimba wake Mmalawi, mawu ake Chichewa. Amapiano kwawo n'kuti? Ku Joni komweko. Oimba athu a lero akuyenda njira yomwe Kachamba anayenda zaka 60 zapitazo, ndipo sindikuwanyoza ayi. Ndikungofuna tiwafunse funso lomwelija: mwaikamo chiyani chanu, choti munthu akamva ali ku Area 25 kapena ku Kawale anene kuti ili ndi dzanja la uje?

Pali pamodzi pomwe otsutsa amandigonjetsa. Amati, ngati anali wamkulu chotero, ophunzira ake ali kuti? Ku Singano gulu la kwela linapitirira, ndipo wofufuza nyimbo Moya Aliya Malamusi anagwira ntchito yaikulu yosunga ndi kulemba za nyimbozi. Koma kunja kwa Chileka, ndi achinyamata angati amene amaliza gitala mwa njira ya Daniel? Ine mu Lilongwe muno ndakumanapo ndi mmodzi yekha, mlonda wa pa sitolo ina, amene anaphunzira kwa malume ake. Zimenezi zimandiwawa. Zambiri zomwe Kubik anajambula zinasungidwa bwino ku Vienna, pamene bambo wa ku Mchesi akuyenda wapansi kufunafuna nyimbo imodzi yokha yoti amve pa foni yake. Mlandu umenewo sindingauike pa Kachamba. Iye anaimba, anamaliza mbali yake.

Madala aja sanachoke chimanjamanja. Mnyamata uja anatsegula YouTube, n'kupeza kanema wakale, Daniel atakhala pansi ndi gitala. Anaonera limodzi pa kafoni kong'ambika galasi, mitu itagundana. Itatha, mnyamatayo anaibwezanso poyambira, n'kuyandikitsa foni kumaso kuti aone bwino zala zija.

Ngati kwanu kuli kaseti kapena mbale ya Kachamba imene agogo anasunga m'sutikesi, musaitaye. Tiuzeni, tibwera ndi makina tidzaijambule, ndipo kope loyamba tidzakapereka pa benchi iyi.