Galu wanga sauwa

Muli bwanji anzanga, kulikonse kumene mukumvera. Mukamva phokoso kumbuyoku musaganize kuti foni yanu yavuta, ndi nyanja. Lero ndikujambula ndili kwathu ku Nkhotakota, pakhonde pa ababa, kufupi ndi Linga. Ndabwera kutchuthi cha masabata atatu, ndipo mwera wandilandira bwino, asodzi ngalawa akokera kumtunda.

Nkhani ya lero yabadwira pa mphasa dzulo usiku. Tikudya kondowole ndi usipa, mphwanga anatenga foni yanga n'kumaona zithunzi za ku Nottingham, ku England kumene ndimakhala. Atafika pa galu atavala jekete anaseka mpaka kutsamwa. Foni inazungulira banja lonse. Ababa anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe, galuyu akudwala? Nthiti zonse zili pamtunda." Ndisanayankhe, amayi anaponyapo lawo: "Ndiye ukamati mwezi uno zavuta, zimakhala zapita kumeneku?" Funso la amayilo landigoneka mochedwa.

Galuyo ndi wa mtundu wa greyhound. Ku England agalu amenewa amathamanga mpikisano, anthu n'kumabetcha ndalama ngati pa mahatchi, ndipo ku Nottingham bwalo lake lili ku Colwick. Kuonda ndi chibadwa chawo, ndipo akatambasula miyendo amafika pafupifupi makilomita 70 pa ola. Koma ntchitoyo ndi yaifupi. Akafika zaka zinayi kapena zisanu liwiro latsika, apume, ndiye mabungwe amawasunga n'kumawafunira mabanja. Wangayu ndinamutenga ali ndi zaka zinayi. M'makutu mwake muli zilembo zodinda za kumpikisano, ndipo dzina la pa mapepala ndi lalitali ngati la kampani. Ine ndinangomutcha Mwera.

Kwathu kuno ukafuna galu umapita kwa neba amene galu wake waswa, n'kunyamula kamodzi m'thumba. Kumene kuja ndinafunsidwa mafunso oposa a pa chinkhoswe. Mumagwira ntchito maola angati? Galu azikhala yekha nthawi yotalika bwanji? Landilodi wavomera? Kalata yake ili kuti? Ine ndimagwira usiku kosamalira okalamba, ndiye zikanakanika pakanapanda mnzanga wa ku Zimbabwe amene timakhala nyumba imodzi, iye amagwira masana. Kenako kunabwera mayi wina kudzayendera nyumba. Anazungulira mpanda wonse, napeza pobowoka pang'ono pakona, nati mutseke kaye. Ine munthu wamkulu ndi ndevu zanga, kukhoma matabwa mvula ikuwaza kuti ndiyenere kupatsidwa galu.

Anabwera atafulidwa kale, atabayidwa katemera, komanso ali ndi kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga pansi pa khungu, pakati pa mapewa. Kameneko ndi lamulo kuyambira mu April 2016. Galu akasokera amangomuyeza ndi makina, dzina la mwini wake n'kutuluka, ndipo wopanda kachipangizoko chindapusa chimatha kufika mapaundi 500. Lamulo lina ndi limene linaseketsa mphwanga kwambiri: galu akachita chimbudzi panjira, mwini wake amatola ndi kapulasitiki. Inde, ine mwana wa ababa ndimatola, m'mawa uliwonse.

Tsiku lofika kunyumba sindidzaliiwala. Galu wamkulu chonchija anaima pakhomo n'kuuma ngati chitsa. Moyo wake wonse anakhala m'khola ndi agalu anzake, nyumba ya anthu sankaidziwa. Masitepe anali asanakwerepo. Chitseko chagalasi anachigunda ndi mphuno kawiri, mpaka ndinamatapo mapepala kuti aziona kuti pali chinthu. TV ikayaka ankabwerera chafutambuyo. Chakudya sanakhudze masiku awiri.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Ndinkamutsata paliponse, kumusisita, kumuitana, kumuikira nyama pakamwa, monga timachitira ndi mlendo kwathu: idyani, onjezerani, bwanji simukudya? Iye ankangonjenjemera. Nditaimbira a kumalo kumene ndinamutenga aja anandiuza kuti ndimusiye. Mpatseni pogona pakona popanda podutsa anthu, chakudya nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kuyenda njira yomweyomweyo, ndipo musamamuyang'ane m'maso. Iwo amakonda kunena kuti masiku atatu oyamba galu amakhala ndi mantha okhaokha, pakatha masabata atatu wayamba kudziwa dongosolo la pakhomo, pakatha miyezi itatu m'pamene amakhulupirira kuti sachokanso. Kwa Mwera zinachedwerapo. Masitepe tinaphunzira mwendo umodziumodzi, ine nditagwada kumbuyo ndikumunyamulira phazi, mnzanga uja ali kutsogolo ndi kachidutswa ka tchizi.

Titangoti zayamba kuyenda, inafika 5 November. Usiku umenewo Angelezi amakumbukira chiwembu cha Guy Fawkes cha mu 1605, ndipo amaphulitsa makombola dziko lonse, ena amayamba sabata isanakwane. Ndinali nditapempha ofu. Mwera anathawira kubafa, anadzipanikiza kuseri kwa chitseko, wefuwefu, dovu lili chuchuchu. Ndinatseka makatani, ndinatsegula wailesi, ndinakhala pansi pa matailosi ozizira osamugwira. Ndinayamba kungoyankhula Chichewa, kumuuza za nyanja, za mpasa wa mu Bua, za mpunga wa kwathu. Patapita nthawi anasendera n'kuika mutu pa ntchafu yanga. Ndinazindikira pomwepo kuti panali patatha masabata ndisanayankhule Chichewa mokweza popanda foni kukhutu.

Amayi sanalakwe kufunsa. Galuyu amadya ndalama: chakudya, inshulansi mwezi ndi mwezi, mankhwala a utitiri ndi njoka za m'mimba, mano kwa dokotala wa ziweto, poti agalu amenewa mano amawavuta. Ndi jekete lija, chifukwa alibe mafuta m'thupi ndipo ubweya ndi wochepa, mu January amanjenjemera zenizeni. Sindinachepetsepo zimene ndimatumiza kuno, koma kunama kuti ndi zaulere sindinganame.

Chimene sindinathe kuwafotokozera pa mphasa paja ndi ichi. Mumsewu mwathu ndinakhala zaka zitatu osadziwa dzina la munthu ngakhale mmodzi. Kuchoka kuntchito m'mawa anthu akupita, kugona, kudzuka kunja kwada kale. Nditayamba kuyenda ndi Mwera, anthu omwe ankandidutsa ngati mtengo anayamba kuima. Amayamba kupereka moni kwa galu, kenako kwa iwe, ndi mmene alili. Pano agogo ena a nyumba yachitatu kuchokera kwathu ndi amene akumusunga masana, ndipo m'mawa uno anditumizira chithunzi pa WhatsApp, Mwera ali chagada pa sofa yawo, miyendo m'mwamba.

Ababa anali ndi mafunso awo. Amauwa akuba akabwera? Ndinati sauwa, agalu amenewa kuuwa sakonda. Nanga kalulu amagwira? Ndinati moyo wake wonse wathamangitsa kalulu wa nsanza wokokedwa ndi makina, ndipo sanamugwirepo. Anapukusa mutu, kuseka mpaka kutsokomola. "Galu wosauwa, wosagwira kalulu, wovala jekete. Ameneyo ndi bwana."

Pano ndikuyankhula, galu wa pakhomo pano, Azaona, wagona pafupi ndi nkhokwe. Amadya mkute ndi mitu ya usipa, ndipo usiku wathawu wauwa mpaka mbandakucha. Ndafunsa ababa kuti katemera wa chiwewe anabayitsa liti, akuti papita nthawi. Ku England agalu alibe chiwewe, koma kuno chimapha anthu, makamaka ana. Ndiye mawa m'mawa tikumumanga chingwe kupita naye kwa alangizi a ziweto. Ababa akuti chingwe agwira okha, ine ndisamuzoloweze zachizungu.