Ndalama ya Disembala ndi yomweyo ya Januwale

A Gulupu, mafumu onse amene muli pano, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo, ndikuthokozeni chifukwa chosiya makasu kumunda n'kubwera kudzakhala pansi pa mtengo uno pa nthawi imene ntchito yachuluka chonchi. Ndapemphedwa kukamba za mphatso za pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, ndipo ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti sindinabwere kudzaletsa munthu kudya mpunga wa nkhuku kapena kupatsa mnzake kanthu. Chimene ndikufuna kuti tiunikire limodzi ndi thumba limene ndalama ya mphatsozi imachokera, komanso ntchito imene ndalamayo inayenera kugwira.

Kuno kwathu Khirisimasi imafika pa nthawi yovuta kuposa ina iliyonse m'chaka. Amene anadzala ndi mvula yoyamba akhala akufuna feteleza wobereketsa m'masabata omwewa, pakuti Urea amathiridwa patatha pafupifupi masabata atatu chimanga chitamera, ndipo chimanga sichidikira kuti mwini wake atsirize chikondwerero. Kumayambiriro kwa Januwale sukulu zimatsegulira teremu yachiwiri. Kuyambira pamenepo mpaka Malichi nkhokwe zambiri zimakhala zitagona, mtengo wa chimanga pamsika uli pamwamba, malungo nawo atafika pachimake. Tsono magulu ambiri a banki m'khonde amagawana ndalama mu Disembala momwemu. Mayi amene wakhala akuponya masheya sabata ndi sabata kwa chaka chathunthu amalandira ndalama yake yonse pa tsiku limodzi, pa nthawi imene msika wadzaza ndi zinthu zonyezimira ndipo ogulitsa akuitanira mokweza. Ndalama imeneyo ndi imodzi. Ikapita ku nsapato zoyaka magetsi, siibweranso kuti idzagule thumba la feteleza.

Tisaiwalenso kuti ndalamayo siilinso ndi mphamvu imene inali nayo. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Zidole, mafoni, mafuta onunkhira ndi nsapato zimene timakonda kugula ngati mphatso zimachokera kunja, choncho ndizo zimayamba kukwera kwacha ikagwa. Komabe mitima yathu imafuna kuchita Khirisimasi ya msinkhu umodzimodzi ndi ya zaka zija shuga ankagulika mosaganizira kawiri, ndipo mpata wa pakati pa zofuna ndi thumba timaukwirira ndi ngongole.

Ena amati kugula zambiri ndiwo mwambo wa Khirisimasi. Tiyeni tiufufuze mwambowo. Munthu amene ana amamutcha Father Christmas kapena Santa Claus anachokera pa mbiri ya Nicholas, bishopu wa mzinda wa Myra, m'dziko limene lero ndi Turkey, amene anakhala m'zaka za m'ma 300. Mbiri yakale imati iye anathandiza bambo wina wosauka wa ana aakazi atatu pomuponyera timatumba ta golide usiku, mobisa, kuti wolandirayo asachite manyazi. Chithunzi cha nkhalamba yonenepa yovala zofiira chinafalikira kwambiri kudzera m'malonda a Coca-Cola amene Haddon Sundblom anayamba kujambula mu 1931. Nayo Black Friday, imene masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre ayamba kulengeza, ndi tsiku la malonda la ku America lotsatana ndi chikondwerero chawo cha Thanksgiving, chimene ife sitichita n'komwe. Mphatso ya Nicholas inali yobisa ndi yothetsa vuto lenileni. Imene amalonda akutiphunzitsa ndi yoonetsera, yoti ijambulidwe n'kuikidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp.

Ngakhale kumene kunachokera malondawa anthu ena anayamba kukayikira. Mu 1993 katswiri wa zachuma Joel Waldfogel anafunsa ophunzira a pa yunivesite ya Yale za mphatso zimene analandira, ndipo anapeza kuti olandirawo ankaziwerengera mtengo wotsika kuposa umene ogula analipira, kutsika kwake kuyambira gawo limodzi mwa magawo khumi mpaka limodzi mwa atatu. Anapezanso kuti mphatso zochokera kwa anthu odziwana kwambiri ndi wolandira ndizo sizinkatayika mtengo chotere. Kwa ine mfundo yachiwiriyi ndiyo yaikulu, chifukwa ikusonyeza kuti chimene chimakometsa mphatso ndi kumudziwa munthu amene ukumupatsayo.

Izi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Chaka china ndinagulira mwana wa mchemwali wanga galimoto yoyendera mabatire, yofiira, yolira ngati ambulansi, pa mtengo umene sindinauze bambo a kunyumba. Pofika pa 28 Disembala mabatire anali atatha, ndipo pofika Chaka Chatsopano tayala limodzi linali litathyoka, mwanayo atabwerera ku galimoto yake ya mawaya imene anapanga yekha, ya matayala a zitsekerero za mabotolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chinandipweteka kwambiri chinadza sukulu zitatsegulira, pamene ndinaona mwana yemweyo akupita ku Sitandade 4 atanyamula makope m'jumbo ya shuga, yunifolomu itang'ambika paphewa. Ndinakhala naye pafupi chaka chonse, koma sindinaone chimene ankasowa, chifukwa maso anga anali pa zimene achibale adzanene akaona bokosi lalikulu.

Pali amene amafika mpaka kwa akatapila. Tiyerekeze kuti mwatenga K50,000 pa 20 Disembala, mwagwirizana kuti mudzabweza K75,000 pakutha pa Januwale. K25,000 yapamwambayo simunadye, simunavale, ndipo mwana wanu sanaione. Mukalephera kubweza, chikole chimapita, kaya ndi njinga, wailesi, mbuzi, kapena khadi ya ku banki kwa amene ali pa ntchito. Ena amagulitsa chimanga cha m'nkhokwe mu Disembala, n'kudzachigulanso mu Febuluwale pa mtengo wokwera, ndalama yake atapeza pa ganyu m'munda mwa mnzawo pamene munda wawo ukudyedwa ndi udzu. Ngongole za pa foni nazo zafewetsa kugwa, popeza palibe amene amakuyang'ana kumaso pamene ukudina manambala usiku.

Ndinenepo za ana athu amene ali m'tauni ndi ku Joni, chifukwa mbali ina ya vutoli timaliyambitsa ndife otsala kumudzi. Mwana akaimba foni kuti akubwera, timayamba kumuwerengera mayina: a malume, a zakhali, apongozi, ana a uje. Sitifunsa kuti lendi amalipira bwanji ku Johannesburg, kapena kuti basi yodutsa pa Mwanza yamudyera zingati. Ndikudziwa anyamata amene atha zaka zingapo osaponda kwawo, osati chifukwa chosowa thiransipoti, koma chifukwa choopa kutsika basi opanda zikwama zodzaza. Amayi, kodi chimene mukufuna ndi bulangete lachitatu kapena nkhope ya mwana wanu? Ngati ndi nkhope, muuzeni momveka asananyamuke, pakuti iye sangayambe yekha kunena.

Kwa ife opemphera, nkhani ya kubadwa kwa Yesu imatikumbutsa za anzeru a kum'mawa amene anabweretsa golide, lubani ndi mure, ndipo timaikonda. Koma pa Luka 2:24 timawerenga za nsembe ya njiwa ziwiri kapena maunda awiri imene Yosefe ndi Mariya anakapereka ku kachisi, imene malinga ndi Levitiko 12:8 inali ya munthu wosatha kupeza mwana wa nkhosa. Banja limene tikulikumbukira pa 25 Disembala linapereka molingana ndi thumba lake.

Makolo athu ankati kupatsa n'kuika, ndipo zimene ankaikazo zinali nkhuku, lichero la mtedza, mkeka woluka okha, kapena tsiku lathunthu lopalira m'munda mwa nkhalamba. Zimenezi zikadalipo, ndipo m'nyengo ino yopalira palibe gogo amene angakane anyamata anayi obwera ndi makasu m'mamawa. Kumene abale ndi ambiri, gwirizanani kusonkha n'kugula chinthu chimodzi chooneka, monga malata awiri otseka pamene pakudontha kwa mayi anu. Ana ang'onoang'ono asamanidwe chisangalalo chawo, koma diresi la pa Khirisimasi likhale loti adzavalanso ku tchalitchi mpaka Isitala, ndipo la pa kaunjika lochapidwa bwino n'kusitidwa silichepetsa mwana aliyense.

Pempho langa kwa apampando a magulu a banki m'khonde ndi lakuti pa tsiku logawana mubwere ndi maenvulopu atatu a membala aliyense, ndipo munthu asanadzuke pamkeka alembe yekha pa yoyamba kuti feteleza, pa yachiwiri sukulu, pa yachitatu Khirisimasi. Yachitatuyo idzazidwe pomaliza, ndipo popita kumsika atenge yokhayo, ziwiri zinazo zitsale kunyumba. A Gulupu, ndaona kuti kumwambaku kwayamba kuda, choncho ndilekere pano kuti amene ali ndi mafunso afunse mvula isanatibalalitse.