Agogo Akungofooka? Tayang'anani M'mbale Mwawo

Moni nonse, mwaswera bwanji? Lero ndili pamsika wa Lizulu, kumbuyo kwangaku kuli milu ya kachewere ndi kabichi, ndipo mphepo yake ikulowa mpaka m'mafupa. Amene mwabwera koyamba, dinani subscribe ndi kabelu kaja, tiyambe.

Nkhani ya lero ndi kufooka kwa okalamba. Mwachangu, zizindikiro zomwe madokotala amayang'ana ndi zisanu: kuonda popanda chifukwa, kutopa msanga, manja osagwira zolimba, kuyenda mwapang'onopang'ono, ndi kungokhala osachita kanthu. Zitatu zikapezeka pamodzi, ndiye kuti zinthu zafika poipa. Gwero lake lalikulu ndi minofu, yomwe imayamba kuchepa pang'onopang'ono munthu akadutsa zaka 30, ndipo akapyola 60 imatha mofulumira.

Nanga tingawathandize bwanji? Choyamba, madzi. Okalamba samva ludzu ngati ife, makamaka nyengo yozizira ya June ndi July. Muziwapatsa madzi kapena thobwa osadikira kuti apemphe.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalapo, chifukwa zimandipweteka. Pali bodza lakuti, "Agogo sagwira ntchito, phala ndi tiyi zawakwana." Abale! Anayambitsa zimenezi ndani?

Zoona zake n'zakuti wokalamba amafunika zakudya zomanga thupi zochuluka kuposa mnyamata wolemera mofanana naye. Thupi lake limavutika kusandutsa chakudya kukhala minofu, ndiye limafuna zambiri kuti ntchito yomweyo itheke. Munthu wamkulu wamba amafunika magalamu 0.8 a puloteni, chomanga thupi chija, pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Kwa okalamba, akatswiri amati 1.0 mpaka 1.2. Agogo olemera makilogalamu 50 afunika magalamu 50 mpaka 60. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Kapu ya nyemba zophika, pafupifupi 15. Nanga phala la ufa woyera lothira shuga? Lembani yankho lanu m'munsimu, ndikaseke nawo.

Ndinaziona ndi maso anga kwa agogo anga ku Bembeke. Ndiwo ikakhala usipa, ankatola tiwiri, n'kukankhira mbale kwa adzukulu. "Idyani inu, ine ndakhuta." Kukhuta kwake kunali nsima yosunsa msuzi. Ife tinkati ndi chikondi, ndipo chinalidi chikondi. Koma chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri, podzuka pamphasa ankayamba agwira chipupa, kenako khasu linawalemera. Tonse tinkangoti, "Ndi ukalamba." Ukalamba unalipo, inde, koma njala inalinso momwemo, njala ya munthu amene akudya tsiku lililonse.

Wina anena kuti nyama ndi yodula. Ndamva. Koma mukuona msika uwu? Nyemba, soya, mtedza, matemba, usipa wochokera kunyanja. Tinsomba timeneti timadyedwa ndi minga yomwe, ndiye mafupa a agogo apezanso kashiamu. Phala likhale la mgaiwa, muthiremo nsinjiro, ufa wa soya kapena dzira. Amene muli ndi ng'ombe ku Ntcheu kuno, chambiko chisamathere kwa ana okha. Ndipo muwagawire m'mawa, masana ndi madzulo, osati zonse pa mgonero.

Chenjezo limodzi: ngati agogo ali ndi vuto la impso, musaonjezere puloteni musanafunse kuchipatala. Ndanena, musadzandinamizire.

Chachitatu, mano. Agogo akakana nyama, mwina sakukana nyamayo, akukana ululu. Sinjani usipa ukhale ufa, nyemba muziphike zifewe ngati chipere, masamba muwadule ting'onoting'ono.

Chachinayi, asamadye okha. Munthu wosungulumwa chakudya sichimulowa.

Chachisanu, chakudya chokha sichimanga minofu, imafuna kugwiritsidwa ntchito. Musawalande tsache n'kumati mukuwalemekeza. Asese, atonole chimanga, ayende mpaka kutchalitchi. Akhale pampando n'kuimirira kangapo tsiku lililonse.

Koma akamaonda msanga, kapena akutsokomola kwa milungu iwiri, musalimbane ndi phala, pitani nawo kuchipatala akawayeze TB, shuga ndi magazi.

Vidiyoyi itumizeni pa WhatsApp kwa achimwene anu a ku Joni aja amene amatumiza ndalama ya shuga ndi sopo basi. Sabata yamawa ndidzakhala ku Tsangano, tidzaphika phala lenilenilo pamoto, muone muyeso wa nsinjiro. Manja anga achita dzanzi ndi mphepoyi, tionana!