Tisagule matabuleti tisanadziwe wowatchaja

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Mwamva zachitika kutsidya kwa mtsinje kuja. Sukulu ya kwacha ya kumeneko inalandira matabuleti chaka chatha, nthungululu zinamveka mpaka kuno. Dzulo ndinali komweko. Matabuletiwo ali m'katoni, kunsi kwa bedi la alangizi. Tchaja inapsa, batire la sola linafa, ndalama yokonzetsera palibe. Ndiye mawu anga lero ndi amodzi: musagule chipangizo musanadziwe amene azichitchaja ndi amene azichikonza.

Foni sindidana nayo ayi. Mayi wina konkuno anapatsa mnyamata nambala yake yachinsinsi kuti amuwerengere uthenga, ndalama zonse za soya zinapita. Masiku ano kudziwa kuwerenga ndi kutha kutsegula wekha Airtel Money kapena Mpamba, osabwereka maso a mwana wa eni. Koma inu azibambo, kalasi mumaithawa, mukuti ndi ya amayi, chonsecho pa bawo simujomba. Ndakuonani!

Eya, bambo kumbuyoko, mukuti chiyani? Mukuti mabungwe atipatsa? Funso labwino. Bungwe limabwera ndi pulojekiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, limagula zipangizo, kujambula zithunzi, nthawi ikatha limanyamuka. Bandulo ya intaneti mwezi ndi mwezi imatsalira ife. Ndipo kumbukirani, mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tchaja, batire, galasi la tabuleti, zonsezi zimachokera kunja, ndiye mitengo inakwera nthawi yomweyo. Amene analemba bajeti yogulira basi anagwira njakata. Mphatso musakane, koma mufunse: chikawonongeka akonze ndani? Ngati mukufuna ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu, nkhani iyambire ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, ipite ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, ikafike kukhonsolo italembedwa bwino, osati kukagwira phungu malaya pamaliro. Ndibwerezenso, bambo: wotchaja ndi wokonza adziwike kaye.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Werengani mafoni amene muli nawo kale, ngakhale a mabatani omwewo amaphunzitsa kulemba uthenga. Yambani ndi sola ndi batire, chifukwa magetsi kuno kulibe. Alangizi aphunzire kaye iwowo, komanso kangachepe kawo musakaiwale, munthu sangaphunzitse ndi njala. Ku banki m'khonde tsegulani kathumba kapadera kokonzetsera, msungichuma alembe m'kope tambala iliyonse. Mabuku, choko ndi bolodi musataye. Zipangizo zigone m'bokosi lokhoma, makiyi kwa anthu awiri, osati kuti mwana wa alangizi azionerapo mpira.

Lachinayi komiti ikumane pansi pa mtengo womwe uno, aliyense abwere ndi foni yake tiiwerenge. Amfumu, ndabweza kwa inu.